Kodi Galimoto Ingasenze ndi Kukoka Katundu Wolemera Bwanji?

Aliyense amene adakwerapo matola nyengo yokolola akudziwa zimene zimachitika pasiteji. Pikapu imafika itanyamula kale matumba a chimanga. Pamwamba pa matumbawo pamakwera anthu, pamiyendo pa anthu pamakhala madengu, njinga amazimangirira m'mbali, ndipo mnyamata wothandiza dalaivala amangofuula kuti, "Tasunthani pang'ono amayi, malo alipo!" Kumbuyo kwa galimoto kumatsika mpaka bodi kutsala pang'ono kukhudza matayala, mphuno n'kuloza kumwamba. Dalaivala akaliza injini, galimoto n'kunyamuka, tonse mitima imakhala pansi, timvekere, "Koma galimoto iyi ndi yamphamvu!"

Anzanga, apa ndi pamene ambirife timanamizika. Pa ntchito zonse zimene galimoto imagwira, kunyamuka ndiye ntchito yosavuta. Anyamata atatu okha angathe kukankha pikapu pamalo osalala mpaka kuyamba kuyenda. Koma tawauzani anyamata omwewo kuti aiimitse ili pamtsetse, muone ngati angayerekeze. Choncho funso loyenera kufunsa ndi ili: galimoto yodzaza chonchi, mwana akadumpha msewu mwadzidzidzi, kodi iima? Ikafika pakona, kodi imvera chiwongolero? M'nkhani ino tiona mmene munthu angadziwire katundu amene galimoto ingasenze ndi amene ingakoke. Masamu ake ndi a ku pulaimale, ophatikiza ndi kuchotsera basi.

Mzere wa sitima ndi kachitsulo ka galimoto

M'zaka za m'ma 1800, sitima zambiri za pamadzi za ku Britain zinkamira chifukwa eni ake ankazidzaza katundu mopyola muyeso. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, dzina lake Samuel Plimsoll, adalimbana ndi mchitidwewu mpaka mu 1876 padakhazikitsidwa lamulo lakuti sitima izikhala ndi mzere wojambulidwa m'mbali mwake. Mzerewo ukamira m'madzi, aliyense woima padoko amaona yekha kuti katundu wachuluka.

Galimoto nayo ili ndi malire otere, kungoti saoneka patali. Malire ake ndi manambala amene opanga galimoto amalemba pakachitsulo kapena pakapepala komata, pamphuthu pa chitseko kapena m'kati mwa boneti, ndiponso m'buku lofotokoza za galimotoyo. Manambala ofunika kuwadziwa ndi awa.

Yoyamba ndi kulemera kwa galimoto yopanda munthu ndi katundu. Pamapepala amalemba kuti tare.

Yachiwiri ndi GVM, kufupikitsa mawu akuti Gross Vehicle Mass. Uku ndi kulemera kwa galimoto pamodzi ndi zonse zili m'menemo: dalaivala, okwera, mafuta, katundu, ngakhale nkhuku yomangidwa miyendo ija. Galimoto ikakwera pasikelo siyenera kupitirira nambala imeneyi.

Yachitatu ndi malire a ekiselo iliyonse payokha, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Ekiselo ndi mtanda uja umene umalumikiza magudumu awiri, la kumanja ndi la kumanzere.

Yachinayi ndi GCM, Gross Combination Mass. Uku ndi kulemera kwa galimoto ndi ngolo imene ikukoka, imene ambiri timaitcha thirela, zonse zitapachiridwa n'kuikidwa pasikelo limodzi.

Yachisanu ndi kulemera kwa ngolo imene galimoto ikuloledwa kukoka. Pamenepa manambala amakhala awiri: ina ya ngolo yokhala ndi mabuleki akeake, ina ya ngolo yopanda mabuleki.

Magalimoto ambiri onyamula katundu amene timaitanitsa kuchokera ku Japan amabwera ndi kapepala komata kumbuyo, kolembedwa zilembo za Chijapani, kenaka nambala ndi zilembo zakuti kg. Ambiri timakaona ngati chokongoletsa chabe, koma kamanena katundu amene galimotoyo ikuloledwa kunyamula. Pa timalole tating'ono monga Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet pamalembedwa 350 kg. Amenewa ndi matumba 7 okha a chimanga a makilogalamu 50. Tsiku lina mudzadziwerengere nokha matumba amene timalole timeneti timasenza m'misewu yathu.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti tili ndi pikapu yolemera makilogalamu 2,000 ikakhala yopanda kanthu, ndipo GVM yake ndi makilogalamu 3,000. Tikachotsera, tipeza makilogalamu 1,000. N'chifukwa chake pikapu zotere amazitcha za tani imodzi. Munthu wofulumira anena kuti, "Basi ndiye matumba 20." Koma tadekhani.

Dalaivala, womuthandiza ndi mwini chimanga akhala kutsogolo. Atatuwa tinene kuti akulemera makilogalamu 200. Mwini galimoto adawotcherera zitsulo m'mbali mwa bodi kuti katundu asamagwe, adaikamo tayala lachiwiri la sipeya, jeke, bokosi la masipanala ndi chigubu cha mafuta. Zimenezi tiziike pa makilogalamu 100. Pa makilogalamu 1,000 aja patsala 700. Matumba amene angakwere ndi 14, osati 20.

Tsopano tibwerere ku pikapu ya pasiteji ija. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000. Anthu 12 okhala pamwamba, aliyense makilogalamu 60, ndi 720. Tikaonjezera 200 ya okhala kutsogolo ndi 100 ya zitsulo, tipeza makilogalamu 2,020, tisanawerengere madengu ndi njinga. Galimoto yopangidwira tani imodzi yasenza matani awiri, ndipo yonse pamodzi ikulemera matani anayi.

Malo si muyeso

Cholakwika china chimene timachita ndi kuyeza katundu ndi maso. Bodi ikakhala ndi mpata timati galimoto sinadzaze. Koma zinthu zimasiyana kulemera ngakhale zitatenga malo ofanana. Mukadzaza bodi ndi madeya kapena udzu wofolerera nyumba, mwina simufika n'komwe pa theka la tani. Mukaidzaza ndi mchenga, nkhani ndi ina. Mchenga wouma wodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu umalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, ndipo wonyowa wa kudambo umaposa pamenepo. Bodi ya pikapu ya mpando umodzi imalowa bokosi lotere limodzi ndi theka. Kuidzaza mpaka m'milomo ndiye kuisenzetsa matani oposa awiri.

Madzi nawo ndi osavuta kuwerengera chifukwa lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Mgolo wa malita 200 ndi makilogalamu 200, osawerengera chitsulo cha mgolowo. Thanki ya malita 1,000 payokha yatha kale tani yonse dalaivala asanakwere. Simenti ndi feteleza, monga chimanga, zimabwera m'matumba a makilogalamu 50, koma thumba la simenti ndi laling'ono. Matumba 30 a simenti amaoneka ngati kamulu kochepa m'bodi, chonsecho ndi tani imodzi ndi theka.

Matayala ndi amene amayamba kulira

Katundu yense wa galimoto amathera pamatayala. Tayala lililonse lili ndi malire ake olembedwa m'mbali mwake. Pamatayala a pikapu ndi minibasi zambiri mupeza zilembo monga 195R14C 106/104. Manambala awiri omalizirawo ndi chizindikiro cha katundu. Nambala 106 ikutanthauza makilogalamu 950 tayala likakhala lokha, ndipo 104 ikutanthauza makilogalamu 900 matayala akakhala awiriawiri mogundizana. Izi zili choncho pokhapokha ngati tayala lapopedwa mpweya wokwanira. Lopanda mpweya wokwanira limasenza zochepera pamenepo.

Ndiye kuti matayala awiri a kumbuyo a mtundu umenewu angasenze makilogalamu 1,900. Pikapu ya pasiteji ija, popeza pafupifupi katundu yense ali kumbuyo, ekiselo ya kumbuyo ikusenza makilogalamu oposa 2,500. Tayala lililonse lapitirira malire ake ndi makilogalamu oposa 300.

Nanga chimachitika n'chiyani? Tayala likalemedwa limaphwatalala pansi. Gudumu likamazungulira, mbali iliyonse ya tayala imapindika ikafika pansi n'kuwongoka ikachokapo, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Tengani waya muziupinda uku ndi uku: poyamba utentha, kenaka uthyoka. Ulusi ndi mawaya a m'kati mwa tayala nazo zimatero. Onjezanipo kutentha kwa phula la mwezi wa Okutobala ndi ukalamba wa matayala a kaunjika, mumva kuti phuu! Tayala la kumbuyo likaphulika galimoto yodzaza ili paliwiro, kawirikawiri imapotoka n'kugubuduka, ndipo okhala pamwamba pa matumba alibe pogwira.

Mabuleki amasandutsa liwiro kukhala kutentha

M'phunziro la sayansi timamva kuti mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Galimoto ikamayenda imakhala ndi mphamvu ya kuyenda, ndipo ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvu imeneyi kukhala kutentha mwa kukhulana kwa mapadi ndi chitsulo. Kulemera kukachuluka kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kumachuluka kawiri. Liwiro likachuluka kawiri, kutenthako kumachuluka kanayi.

Pamtsetse wautali ndiye pamavuta kwambiri. Msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa umatsika pafupifupi mamita 900. Galimoto ya makilogalamu 3,000 ikatsika mamita amenewa imataya mphamvu yokwanira kutenthetsa malita 80 a madzi ozizira mpaka kuyamba kuwira. Ya makilogalamu 4,000 imataya yokwanira malita oposa 100. Gawo lina la mphamvuyi limathera mumphepo, m'matayala ndi mu injini, koma dalaivala akamangodalira phazi, lalikulu limagwera mabuleki.

Mapadi akatentha mopitirira amasiya kugwira, ngakhale muponde ndi mphamvu zanu zonse. Mafuta a mabuleki nawo angathe kuwira. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma m'kupita kwa zaka amayamwa chinyezi, ndipo angathe kuwira pa madigiri 140 okha. Akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, kotero kuti chopondera chimangolowa mpaka pansi popanda chochitika. N'chifukwa chake madalaivala akale amati phiri ulitsike ndi giya imene ungalikwerere, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Chizolowezi chochotsa giya pamtsetse pofuna kusunga mafuta n'choopsa pa galimoto iliyonse, nanji yodzaza. Zimenezi n'zoona pa Chiweta, pa Khwekhwerere ndi pamitsetse ina yonse ikuluikulu.

Pali zinanso ziwiri zimene katundu amasokoneza. Akachuluka kumbuyo kwenikweni kwa bodi, magudumu a kutsogolo amapepukidwa, chonsecho ndi amene amawongolera galimoto. Usiku nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso oyendetsa magalimoto ochokera kutsogolo. Akaunjikidwa m'mwamba, monga matumba a makala kapena mabelo a fodya, galimoto imafanana ndi munthu wosenza mtolo wautali pamutu: kungopendekeka pang'ono, wagwa. Katundu wolemera aziyala pansi, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, ndipo azimangidwa kuti asasunthe.

Kusenza ndi kukoka zimadyera mbale imodzi

Tsopano tione za kukoka ngolo. Pikapu zina za dizilo zamakono, monga mitundu ina ya Toyota Hilux, zimaloledwa kukoka ngolo ya makilogalamu 3,500. Nambalayi imakopa ogula, koma ili ndi mfundo zake zimene wotsatsa malonda safulumira kunena.

Mfundo yoyamba ndi yakuti nambalayi ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki akeake. Ngolo ikakhala yopanda mabuleki, pikapu yomweyo imaloledwa makilogalamu 750 okha. M'maiko monga Britain ndi South Africa malamulo amaonjezanso kuti ngolo yopanda mabuleki isapitirire theka la kulemera kwa galimoto yoikoka. Chifukwa chake n'chomveka. Galimoto ya makilogalamu 2,000 ikakoka ngolo yopanda mabuleki yolemeranso makilogalamu 2,000, magudumu anayi a galimoto ndiwo ayenera kuimitsa zonse ziwiri, ndipo mtunda woimira umatalika pafupifupi kawiri. Ngolo zambiri zowotcherera kwa amisiri a m'misika zilibe mabuleki. Kumbukiraninso kuti pa makilogalamu 750 amenewa tiyenera kuwerengerapo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo. Ngati ngolo yopanda kanthu ikulemera 250, katundu wake ndi 500, matumba 10.

Mfundo yachiwiri ndi GCM. Tibwerere ku pikapu yathu ya makilogalamu 2,000 ija, ndipo tinene kuti GCM yake ndi 5,800. Ikakoka ngolo ya 3,500, pa 5,800 patsala 2,300. Tikachotsapo 2,000 ya galimoto yeniyeniyo patsala 300. Ndiye kuti pikapu ya tani imodzi ija, ikakoka ngolo yofika pamalire, yatsala ndi malo a anthu anayi okha, bodi ili mbee. Simungadzaze bodi mpaka pamalire n'kukokanso ngolo mpaka pamalire. Chimene mwaonjezera uku, muchotse uko.

Mfundo yachitatu ndi kulemera kumene mphuno ya ngolo imatsamiritsa pachokokera. Ngolo yopachiridwa bwino imatsamiritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, ngakhale opanga magalimoto ena amalola zochepera pamenepo, ndipo amalemba m'buku. Kulemera kumeneku galimoto ndiyo imasenza, choncho kumawerengedwa pa GVM ngati katundu wina aliyense. Komanso chokokera chili kumbuyo kwa ekiselo, ndiye chimagwira ntchito ngati thabwa loikidwa pachipika: mukaponda mbali imodzi, inayo imatukuka. Tinene kuti pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo pali mamita 3, ndipo chokokera chili mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo. Mukatsamiritsa makilogalamu 200 pachokokera, magudumu a kutsogolo amapepukidwa ndi makilogalamu 80, ndipo ekiselo ya kumbuyo imalandira 280. Motero n'kotheka kupitirira malire a ekiselo ya kumbuyo pamene GVM simunaifike.

Wina anganene kuti, "Ndiye ndikankhira katundu kumbuyo kwa ngolo kuti mphuno ipepuke." Kumeneko ndiye kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe. Ngolo yolemera kumchira ikafika paliwiro imayamba kuvina uku ndi uku, kuvinako n'kumakulirakulira mpaka kukokera galimoto kunja kwa msewu. Katundu wochulukirapo azikhala kutsogolo kwa magudumu a ngolo, pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10. Ngolo ikayamba kuvina, dalaivala achotse phazi pamafuta, agwire chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha. Kuponda mabuleki mwamphamvu kapena kulimbana nayo ndi chiwongolero kumangoonjezera vutolo.

Mfundo yachinayi ndi yakuti chokokera nacho chili ndi malire ake, olembedwa pakachitsulo kake. Unyolo umaduka pamene pali pofooka. Galimoto ikhale yololedwa 3,500, koma ngati chokokera ndi cha 1,500, malire anu ndi 1,500. Chokokera chongowotcherera pabampala palibe amene adachiyeza. Ndipo nthawi zonse pakhale tcheni cholumikiza ngolo ndi galimoto, kuti chokokera chikamasuka ngolo isathamangire yokha kwa anthu oyenda pansi.

Kodi manambalawa amawapeza bwanji?

Ena amaganiza kuti opanga magalimoto amangolemba manambala ochepa pofuna kudziteteza. Zoona zake n'zakuti amachita kuyeza. Ku America, makampani ankapikisana kulengeza manambala akuluakulu, iliyonse ikuyeza m'njira yakeyake, mpaka bungwe la akatswiri a zamagalimoto lotchedwa SAE lidakonza muyezo umodzi, J2807, mu 2008. Kampani ya Toyota idayamba kuutsatira pa magalimoto a 2011, ndipo Ford, General Motors ndi Ram adadzautsatira pambuyo pake.

Mayeso ena a muyezowu adatengera chitunda cha Davis Dam m'chigawo cha Arizona. Msewu wake umayambira kumtsinje wa Colorado n'kukwera pafupifupi mamita 900 pamtunda wa makilomita 18. Galimoto iyenera kukwera chitundachi ikukoka ngolo, kunja kukutentha madigiri osachepera 38, makina oziziritsa m'kati atatsegulidwa mpaka kumapeto, osatsika pa liwiro la makilomita 64 pa ola, ndipo injini isatenthe mopitirira. Tingati ndi ulendo wochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre masana a mwezi wa Novembala. Palinso mayeso onyamuka pachitunda, opita kutsogolo ndi obwerera m'mbuyo, mayeso a mabuleki, ndi oona ngati ngolo ikuvina. Galimoto ikalephera mayeso amodzi okha, nambala imatsitsidwa. Dziwaninso kuti poyeza amawerengera anthu awiri okha m'galimoto, aliyense makilogalamu 68.

Muyezo umenewu ndi wa magalimoto ogulitsidwa ku America, ndipo maiko ena ali ndi njira zawo. Koma phunziro lake ndi limodzi: nambala imaima pa chiwalo chimene chimayamba kugonja, kaya ndi mabuleki, kaya giyabokosi, kaya ladiyeta. Ndipo amayeza galimoto yatsopano. Yathu imene yayenda zaka 15 m'misewu ya mabampu sikhala yolimba kuposa mmene idatulukira kufakitale.

Apa m'pofunika kutchula chizolowezi choonjezera masipuling'i. Mwini pikapu akaona kuti kumbuyo kukutsika, amapita kwa makaniko kukaikitsa zitsulo zina ziwiri kapena zitatu. Galimoto imaima mowongoka, ndipo wapolisi wa pamsewu sangaidziwe msanga. Koma mabuleki ndi omwe aja, mabering'i ndi omwe aja, matayala ndi chesesi ndi zomwe zija. Chimene chachotsedwa ndi chizindikiro chokha chimene chikadatichenjeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukoka galimoto inzake

Kukoka kumene timakuona kawirikawiri kuno kwathu ndi kwa galimoto yofera panjira, yomangidwa ndi chingwe. Galimoto yokokedwayo ili ngati ngolo yolemera tani imodzi kapena awiri, ndipo mabuleki ake ali m'phazi la munthu wina amene sakuona bwino kutsogolo. Choopsa china n'chakuti injini ikazima, chipangizo chimene chimathandiza phazi poponda mabuleki chimasiya kugwira ntchito mukangoponda kawiri kapena katatu. Chopondera chimauma gwa, ndipo pa magalimoto ambiri chiwongolero nacho chimalemera. Choncho kukoka kotere kukhale kwa mtunda waufupi, pang'onopang'ono, kiyi atatembenuzidwa kuti chiwongolero chisakiyike. Pamtsetse pamafunika chitsulo cholimba m'malo mwa chingwe, chifukwa chingwe chimatha kukoka koma sichingaletse galimoto ya kumbuyo kugunda ya kutsogolo. Magalimoto ambiri osintha okha magiya sayenera kukokedwa mtunda wautali magudumu ali pansi, popeza pampu ya mafuta a m'giyabokosi imayendera injini.

Msewu nawo umamva kuwawa

Katundu wopitirira muyeso saononga galimoto yokha. Kuyambira mu 1958 mpaka 1960, akatswiri a misewu ku America adamanga misewu yoyesera pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois. Asilikali ankayendetsa malole olemera mosiyanasiyana mozungulira misewuyo usana ndi usiku, akatswiri n'kumayeza kuonongeka kwake. Chimene adapeza n'chakuti kuonongeka kwa msewu kumakula mofulumira kwambiri kuposa kulemera kwa ekiselo. Mwachidule, muchulukitse nambala ndi iyo yomwe kanayi. Ekiselo ikalemera kawiri, imaononga msewu 2 x 2 x 2 x 2, ndiye kuti ka 16. Ekiselo yololedwa matani 10 ikasenza 12, yaonjezera matani awiri okha, koma ikuononga msewu kawiri.

N'chifukwa chake m'malo monga Mwanza, Mchinji, Songwe ndi Balaka muli masikelo oyezera malole, ndipo amayeza ekiselo iliyonse payokha, osati kulemera kwa lole yonse kokha. Maiko a m'chigawo chino cha Africa adagwirizana kuti lole pamodzi ndi ngolo zake isapitirire matani 56. Maenje amene timadandaula nawo pamsewu wa M1 samabwera ndi mvula yokha. Phindu la matumba oonjezera limalowa m'thumba la munthu mmodzi, koma ndalama zokonzera msewu timasonkha tonse.

Nanga tichitenji?

Tisawaweruze msanga madalaivala. Mafuta ndi okwera mtengo, kumidzi yambiri magalimoto ndi osowa, ndipo mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo aliwonse. Kawirikawiri ndi ife okwera amene timachonderera kuti, "Tatitengani bwana, tingopanikizana." Koma tiwerengere bwino. Ulendo wachiwiri umadya mafuta a ulendo umodzi. Sipuling'i yothyoka, tayala lophulika kapena kilachi yopserera zimadya ndalama za maulendo ambiri, galimoto ili chiimire pagalaja. Ngozi ikachitika, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ikapeza kuti katundu adapitirira. Za moyo wa munthu ndiye sitinganene mtengo wake.

Amene tidzayendetse kapena kuyang'anira galimoto, tizichita izi. Tipeze manambala aja n'kuwalemba pakapepala pafupi ndi chiwongolero. Tiwerengere matumba ndi anthu tisanayambe kupachira. Ngati tikukayika, tipite pasikelo, monga pamalo ogulitsira miyala kapena ogulira mbewu zambiri pamene amayeza malole. Tipope matayala akadali ozizira, molingana ndi katundu. Safunsa adadya phula.

Amene ndife okwera chabe, maso tili nawo. Taonani ngati bodi yatsika mpaka kubisa theka la tayala. Taonani ngati matayala a kumbuyo aphwatalala, ngati masipuling'i awongoka kapena apindikira pansi, ngati mphuno yaloza kumwamba. Pakamveka fungo la kupserera pamtsetse, amenewo ndi mabuleki, ndipo si mwano kupempha dalaivala mwaulemu kuti aime kaye azizire. Zikakhala kuti zizindikiro zonsezi zilipo, tsikani mudikire ina, ngakhale mufike mochedwa. Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Ndipo pamene mnyamata uja adzafuulenso kuti malo alipo, inu mudzayambe mwawerenga matumba, kenaka mitu ya anthu, n'kuchulukitsa.